Makungwa a Apongozi M'makina Anga

Nditakwatira ku Lifuwu ndinakhala kwawo kwa mkazi wanga miyezi yochepa chabe, kenaka sukulu inanditenga kupita ku Ulaya. M'miyezi imeneyo apongozi anga, amayi a mkazi wanga, sindinawaone nkhope bwinobwino. Ndinkadziwa msana wawo, mpango wawo wobiriwira, ndi mmene ankakhosomolera akamatulutsa nkhuku m'khola. Pabanja limenelo mkamwini ndi apongozi amathawana. Mukakumana panjira ya kusikimu, kuminda ya mpunga, mmodzi amapatuka. Ine ndinagwerapo m'ngalande pothawa, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi, amayi owokera mpunga n'kuseka mpaka kukhala pansi m'matope.

Kuthawanako kuli ndi pothera pake. Mkamwini amagula nkhuku, amapita nayo pamodzi ndi wamkulu wa pabanjapo, apongozi amailandira n'kubweza kangachepe, ndipo kuyambira tsiku limenelo mumapatsana moni n'kumalankhulana ngati anthu. Amalume a mkazi wanga, mchimwene wawo wa apongozi, anandiuza kuti ndichite zimenezi ndisananyamuke. Ine ndinati ndidzachita ndikadzabwera ndi digiri, kuti mwambo udzakhale wolemerera. Anandiyang'ana, n'kulavula khoko la nzimbe. Zoona zake n'zakuti kuthawanako kunkandikomera. Munthu amene sulankhula naye sangakufunse chifukwa chimene wamusiyira mwana wake ali ndi pakati iwe n'kupita kukaphunzira za tinthu tosaoneka.

Ntchito yanga ku labotale inali yokhudza nyongolotsi za likodzo. Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja kapena m'minda ya mpunga amalidziwa likodzo. Ine ndinakodzapo magazi ndili kupulaimale ku Chipoka, ndipo anzanga ankati kukula ndiye kumeneko. M'thupi mwa nyongolotsiyo muli puloteni ina imene ikasiya kugwira ntchito, nyongolotsi imafa. Puloteniyo ili ndi kadzenje. Ife tinkasaka kamolekyu, kanthu kochepetsetsa koti ngakhale maikulosikopu sangakaone, kamene kangalowe m'kadzenjeko n'kukakamira momwemo. Kakapezeka kotero, mwina patapita zaka zambiri kangadzasanduke mankhwala.

Zimenezi sungazione ndi maso. Tinkagwiritsa ntchito chimaginito chachikulu ngati nkhokwe, chokhala m'chipinda chakechake, chosazimitsidwa chaka chonse. Polowa m'chipindamo umasiya makiyi ndi foni pakhomo. Umatsitsira kachubu kagalasi kowonda m'kati mwa maginitoyo, makina n'kutumiza mafunde a wailesi, ndipo maatomu a m'kachubumo amayankha. Yankho limatuluka pakompyuta ngati timizere tosongoka. Koma mwachibadwa yankholo ndi lofooka zedi, ndipo ukafuna kulimva bwino umadikira maola. Gulu lathu linali ndi njira yolikwezera mawu. Tinkatenga mpweya wa haidirojeni wokonzedwa pouziziritsa koopsa, n'kuupopera m'madzi okhala ndi kamolekyu kena kodziwika kale. Kamolekyuko kankabwereka mphamvu kumpweyawo, ndipo kwa kanthawi kochepa kankafuula kuposa china chilichonse m'kachubumo. Tinkakatcha kazitape.

Kazitape amakonda kadzenje ka puloteni ija. Akalowamo mawu ake amazirala msanga, mzere wake pakompyuta n'kufupika. Koma ukathiramo chinthu china chimene chalanda malo m'kadzenjemo, kazitape amatsala panja akufuulabe, mzere n'kukhala wautali. Muyeso wonse ndi umenewo. Mphamvu yobwerekayo sichedwa kutha, choncho umapopera mpweya, umathira, umatsitsa kachubu, zonse mwachangu. Ndinkaikonda ntchito imeneyi mopitirira. Kumudzi anthu akandifunsa chimene ndimachita, sindinkavutika n'kufotokoza zonsezi. Ndinkangoti, "Ndimayeza ngati mankhwala angaphe nyongolotsi za likodzo," ndipo ndinkanena ndikukweza mapewa.

Ulendo wina ndinabwera kutchuthi mwana wathu wamkazi atayamba kuyenda. Tsiku lina masana mkazi wanga anali kupeta mpunga kuseri kwa nyumba, ine ndili pampando ndikulimbana ndi netiweki. Anaika lichero pansi n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Amayi sakupeza bwino," anatero motsitsa mawu. "Koma musaonetse kuti mukudziwa."

"Chavuta n'chiyani?"

"Akumva kupweteka m'munsimu. Akakataya madzi akumaona magazi."

Nkhani yotero si yoti mkamwini aimve, ndipo tonse awiri tinayang'ana pansi. Anandiuza kuti kuchipatala chaching'ono cha kufupi anawapatsa mapilitsi a likodzo, magazi anasiya, kenaka anayambiranso. Anamwino anawauza kuti zikabwereranso apite kuboma akawaunike m'kati. Koma apongozi ankaopa kuboma, chifukwa amuna awo anakathera komweko. Ndiye mayi wina wa ku Chinguluwe, mnzawo wa mvano, anawalozera mtengo wina umene makungwa ake amawasinja n'kumawiritsa. Ankamwa m'mawa ndi madzulo.

Mkazi wanga anamasula pangodya ya chitenje n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki komangidwa ndi luzi. Munali ufa wofiirira.

"Akuti mukayeze m'makina anu aja. Akuti akamwini akanena kuti ndi abwino, azimwabe. Akanena kuti ayi, apita kuboma."

Ndinamuuza kuti makina athu sayankha funso lotero, kuti ife timayeza kamolekyu kamodzi pa puloteni imodzi, osati kuchira kwa munthu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye ndikawabwezere?" anafunsa. "Chikwatirireni pano sanakupemphenipo kanthu. Choyamba chomwechi ndikawauze kuti mwakana?"

Ndinakatenga kapepalako n'kukaika m'thumba la malaya. Ndinadziuza kuti ndikafika ndidzangodikira masiku angapo, kenaka n'kuimba foni kuti makina akana, apite kuboma. Likanakhala bodza, koma bodza lothandiza. Kunja kwa mpanda ndinamva apongozi akuitana nkhuku, ndipo ndinazungulira mbali ina ya nyumba monga mwa nthawi zonse.

Nditabwerera ku Ulaya ndinaika kapepala kaja m'dirowa. Bodza lija sindinalinene. Ndinkaona ngati munthu wasayansi kunama za muyeso n'kudzinyoza, ndipo ndinkanyadira kuti ine sindine wotero. Mkazi wanga ankafunsa pafoni, ine n'kumati makina ali ndi mzere wautali wa anthu, zimene zinalinso zoona. Masana ena mnzanga amene anali ndi nthawi pamaginito anadwala, malo n'kutsala opanda munthu. Ndinati ndingoyesa kuti ndithane nazo. Ndinawiritsa ufa uja monga mmene mkazi wanga anandifotokozera, ndinasefa, ndinatenga kadontho n'kukasakaniza ndi puloteni ya nyongolotsi. Ndinapopera mpweya, ndinathira kazitape, ndinatsitsa kachubu.

Mzere unatuluka wautali.

Ndinaganiza kuti ndaiwala kuthira puloteni. Ndinakonza kachubu kena mosamala. Unatulukanso wautali, wautali kuposa wa mamolekyu onse amene ndinali nditawayeza chifikireni m'dzikomo. Ndinavina ndekha m'chipinda cha maginito. M'mutu mwanga munadzaza zinthu zambiri nthawi imodzi: pepala la kafukufuku lokhala ndi dzina langa poyamba, misonkhano, mtengo wa kwathu ukutchulidwa m'mayiko akutali, anthu amene ankandiyang'ana ngati ndinalowa pasukulupo mwachifundo akusowa chonena. Ndikakumbukira tsopano ndimachita manyazi, chifukwa pa zonse zimene ndinaganiza masana amenewo, mayi wokodza magazi ku Lifuwu sanalipo.

Ndinatuluka, ndinatenga foni pakhomo paja, n'kuimba pomwepo ndili m'khonde.

"Makungwa aja muli kanthu!" ndinafuula. "Akugwira puloteni ya nyongolotsi. Sindinaonepo zotere."

"Zoona? Ndiye ndiwauze amayi kuti ndi abwino?"

"Ndikuyezabe, koma muli kanthu kamphamvu ndithu."

Mawu oti ndikuyezabe ndinawanena, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkawagwiritsitsa ngati umboni wanga. Koma ndinawanena chapansipansi, pamene enawo ndinawanena mofuula. Mkazi wanga anamva chimwemwe cha mwamuna wake, n'kupita nacho kwa amayi ake. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma iye sananene za m'maluwa. Ananena zimene ndinamupatsa.

Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali chitadziwa. Mkazi wanga anandiuza akuseka kuti amayi a mvano analuluta, kuti mayi wa ku Chinguluwe uja akuyenda ngati dokotala, kuti ngakhale amayi achisilamu ogulitsa usipa anabwera kudzafunsa dzina la mtengo wovomerezedwa ku Ulaya. Mtengo wa mtunduwo wa pafupi ndi ngalande unasendedwa mpaka m'mwamba. Apongozi, amene sankakonda kudzitama, akuti ankangoti, "Akamwini anga ndiwo ayeza," n'kupitiriza kusenda chinangwa. Ine ndinaseka nawo pafoni. Zinandikomera.

Sabata yotsatira ndinapita ndi zotsatira kwa aphunzitsi anga, mayi wachikulire amene anagwira ntchito ndi maginito amenewa kuyambira ine ndisanabadwe. Anayang'ana mzere uja pakompyuta, osasangalala, osakwiya. Anandiuza kuti ndibweretse kachubu komweko. Anakanyamula n'kukayang'anitsa pawindo. Madzi a m'kati mwake, amene amayenera kukhala oyera mbee, anali ndi kachifunga pang'ono. Ine ndinali ndisanakayang'ane n'komwe, maso anga anali pakompyuta basi.

Patebulo pawo panali kapu ya tiyi wakuda wozizira. Anandipatsa. "Sefa uyu," anatero, "umuyeze ndendende ngati mmene unayezera makungwa ako."

Ndinaganiza kuti akundinyoza, ndipo ndinatuluka mtima utatupa. Ndinasefa tiyi, ndinathira kadontho, ndinapopera mpweya, ndinatsitsa kachubu. Mzere unatuluka wautali chimodzimodzi.

Aphunzitsi anandifotokozera mofatsa. M'makungwa a mitengo yambiri, ngakhalenso m'masamba a tiyi, muli zinthu zija zimene zimaumitsa m'kamwa ukaluma nthochi yosapsa. Zinthu zimenezo zimamata puloteni iliyonse imene zakumana nayo, ya nyongolotsi, ya dzira, ya malovu ako omwe, n'kuiunjika m'timibulu. Puloteni yanga inali itakwinyika yonse, kadzenje kaja kulibenso. Kazitape anatsala panja akufuula chifukwa analibe polowa, osati chifukwa chakuti wina anamulanda malo. Makina sananame. Anayankha funso limene ndinawafunsa, ine n'kumva yankho la funso lina. Aphunzitsiwo anaseka pang'ono n'kundisisita paphewa. Anati wophunzira aliyense amagwa m'mbuna imeneyi kamodzi, ndipo ndi mwayi kuti ine ndagwamo ndisanauze wina aliyense.

Ndinavomera kuti ndi mwayi.

Tsiku limenelo sindinaimbe foni. Mawa lake sindinaimbenso. Ndinkati ndiyambe ndabwereza muyeso ndi puloteni ina kuti nditsimikize, ngati kuti panali chotsala choti nditsimikize. Pamene ndinaimba, ndinavala chilankhulo cha ku labotale ngati jekete. Ndinati zotsatira zija zapezeka kuti sizikudalirika kwenikweni, pakufunika kafukufuku wina.

"Mukutanthauza chiyani?" anafunsa mkazi wanga. "Nenani Chichewa."

"Amayi apite kuboma."

Kumbuyo ndinkamva mwana wathu akumenya chitini.

"Mwasintha? Inu, mudzi wonse ukudziwa kuti mwavomereza. Ndikayambire pati?"

"Mungowauza kuti apite basi. N'chovuta chiyani pamenepo?"

Ndinamukalipira, ine amene ndinayambitsa zonse. Iye anapitadi kwa amayi ake, koma anapita monga mwana wamkazi amene sakufuna kuvula mwamuna wake pamaso pa makolo. Anawauza kuti akamwini akuti mankhwala aja muzimwa, koma mukaonekenso kuchipatala. Apongozi anayankha kuti amva, adzapita akakolola. Mpunga unali utangoyamba kumene kubereka.

Panali njira yachidule. Ndikanamuuza mkazi wanga kuti aike foni pakhutu pa amayi ake, ine n'kunena ndi pakamwa panga kuti ndinalakwitsa, makungwa aja sachiza, nyamukani mawa. Ndinaiganizira njira imeneyi kangapo ndili m'basi yopita ku labotale. Nthawi iliyonse ndinkadziyankha kuti mwambo sulola, mkamwini salankhula ndi apongozi, makamaka nkhani ya m'munsi mwa thupi. Ine amene ndinkadya nyama zosadziwika m'dziko la eni, amene ndinasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha chisanu, ndinasanduka msungi wamkulu wa mwambo pa chinthu chimodzi chokhachi. Amalume aja analinso ndi foni. Sindinawaimbire, chifukwa ndinkadziwa mmene akanandiyang'anira ngakhale pafoni.

Miyezi inapita. Poyamba ndinkafunsa mlungu uliwonse ngati amayi apita kuboma. Yankho linkakhala lakuti akuwinga mbalame, kenaka akumweta, kenaka akupuntha, kenaka akudikira ogula. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kufunsa mwa apo ndi apo, chifukwa funsolo linkandiluma ine kuposa woyankha. Ntchito inkayenda bwino. Ndinaphunzira kuyang'ana kachubu kalikonse pawindo ndisanakhulupirire mzere, ndipo aphunzitsi anga ankauza ophunzira atsopano kuti atengere chitsanzo kwa ine pa kusamala. Ndinkangomwetulira.

Chimene chinandidzutsa chinali chithunzi. Mkazi wanga anajambula mwana wathu atavala yunifolomu ya kusukulu ya mkaka, n'kunditumizira pafoni. Kumbuyo kwa mwanayo, m'mphepete mwa chithunzi, munthu anakhala pamkeka atatsamira khoma. Nkhope sinkaoneka, koma mpango wobiriwira ndinaudziwa. Mkono umene unali pabondo unali wowonda ngati wa mwana. Ndinakuza chithunzicho ndi zala mpaka chinasanduka timadontho. Ndinapita kwa aphunzitsi anga n'kuwauza kuti kwathu kuli matenda, ndipo anandilola kupita. Za makungwa sindinawauze.

Nkhuku ndinaigula pamsika wa ku Salima, tambala wamkulu wofiira. Ndinakwera naye njinga yamoto mpaka ku Lifuwu, iye ali m'khwapa, chikwama chili kumsana, fumbi lili m'mano. Minda ya kusikimu inali ziputu zokhazokha, ng'ombe zikudya m'menemo. Ndinafikira kwa amalume aja. Anali kusoka thumba pakhonde. Anayang'ana tambala, anayang'ana ine.

"Digiri ija mwabwera nayo?" anafunsa.

"Ayi, amalume."

"Ohoo. Ndiye kuti nkhuku zimapezeka ndithu popanda digiri."

Anamaliza kusoka thumba lawo kaye, mosafulumira, kenaka anavala nsapato n'kunditsogolera.

Apongozi anali m'nyumba mwawo, pamkeka pafupi ndi khomo. Ine ndinagwada panja, padzuwa. Amalume analowa ndi tambala uja n'kunena mawu ake: kuti mwana uyu wakhala pakhomo pano nthawi yaitali ngati mlendo, lero wabwera kudzapempha kuti akhale mwana. Kenaka ndinamva mawu ofooka akuuza mkazi wanga kuti atape mpunga wa chaka chino m'mbale yatsopano ija. Mkazi wanga anatuluka nayo mbaleyo n'kuiika patsogolo panga, maso ake ali ofiira. Amalume anati, "Lowani, bambo."

M'nyumbamo munkamveka fungo la makungwa owiritsa, fungo lomwe lija la ku labotale masana aja. Kapu inali pambali pa mkeka, itatsala theka. Ndinakhala pansi chapatali. Kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana apongozi anga kumaso. Anali ndi chipumi cha mwana wanga, ndi kampata komweko pakati pa mano.

"Mwayenda bwanji, bambo?" anatero.

"Ndayenda bwino, amayi. Kaya inu mwatsala bwanji kuno?"

"Tatsala choncho. Mukutiona."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'ndege, okhala ndi mutu ndi mchira, ofotokoza za puloteni ndi tiyi. Onse anathawa.

"Amayi, makungwa aja sachiza," ndinatero. "Ndinalakwitsa poyeza. Ndinafulumira kulankhula ndisanaonetsetse. Nditazindikira ndinachita manyazi, sindinanene bwinobwino. Musamwenso. Tiyeni kuboma mawa."

Apongozi anauza mkazi wanga kuti akaone tambala uja asathawe, ndipo amalume anatuluka okha osauzidwa. Tinatsala awiri. Anakonza mpango wawo pang'onopang'ono.

"Ndinadziwa kalekale, bambo," anatero. "Thupi ndi langa. Mpunga usanache n'komwe ndinali nditaona kuti palibe chikusintha."

"Nanga bwanji munkamwabe?"

"Ndikanatani? Anthu onse anamva kuti akamwini anga ayeza ku Ulaya, avomereza. Ndiye andione ine mwini wake ndikukwera galimoto kupita kuboma? Akanati chiyani? Akanati sukulu ya mkamwini uja ndi yabodza, anangothawa banja. Inu muli kutali, simukanamva. Koma mwana wangayu amatunga madzi pamjigo pomwepa tsiku lililonse."

Anapuma pang'ono, dzanja lili pamimba.

"Ndinati abwere kaye eni ake, adzanene okha ndi pakamwa pawo. Akadzanena okha, anthu adzati anayezanso, apeza zina. Palibe adzaseke. Ndiye mwabwera. Mawa tipita."

Ndinalira pamaso pa apongozi anga tsiku loyamba lolankhula nawo. Iwo anayang'ana kumbali kuti andipatse ulemu, n'kuyamba kundifunsa ngati ku Ulaya kuli mpunga, ndiponso ngati ndi wonunkhira ngati wathu.

Kuboma anawaunika pamimba ndi makina, ndipo sanatisunge. Anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anawayeza zambiri, tinadikira, anawayezanso. Tsiku la zotsatira mkazi wanga anatsala panja ndi mwana, ine ndinalowa nawo apongozi chifukwa iwo anati alowe ndi akamwini, ndiwo amamva za makina. Dokotala anali mayi wachitsikana, wotopa, wolankhula molunjika. Anati m'chikhodzodzo muli chotupa cha khansa, mtundu umene kawirikawiri umabwera likodzo likakhalitsa m'thupi zaka zambiri. Anati chafalikira kunja kwa chikhodzodzo. Anati chikanapezeka msanga bwenzi tikukamba za opaleshoni, koma pamene chafikapa chimene angathe ndi kuchepetsa ululu ndi kutaya magazi. Ndinafunsa kuti msanga wake ndi uti. Anati sangalumbire, koma miyezi imene yapitayi inali yofunika.

Kenaka anatembenukira kwa apongozi.

"Amayi, anakuuzani kalekale kuti mupite kuboma. Munachedwa kuti?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndikunena zoona, ndinatsegula. Koma apongozi ananditsogolera.

"Mpunga, adokotala," anatero. "Mbalame zikanandithera. Ana anga ankandiuza, ine ndi amene sindinkamva."

Dokotala anapukusa mutu n'kulemba. Atamaliza anayang'ana ine, malaya anga a kolala, magalasi anga.

"Mukuona, bambo? Amayi athuwa ndi choncho, munda patsogolo, moyo pambuyo. Mukanakhala pafupi inu odziwa zinthu, bwenzi atabwera kale."

Apongozi anandiyang'ana m'maso, osaphethira, ndipo ndinamva chimene ankandiuza. Anali atalipira kale, ndipo sankafuna kuti ndiwononge chimene anagula. Dokotala ankadikira kuti ndiyankhe.

Ndinagwedeza mutu, kuvomereza.